Mafinale, mukabweza kiyi mukagona kuti?

Ang'ono anga amene muli chaka chomaliza ku Chanco, ku MUBAS, ku Bunda kaya ku Mzuni, tandiyankhani. Mukalemba pepala lomaliza n'kubweza kiyi wa chipinda, mukagona kuti? Sindikunena sabata yoyamba yokha ayi. Ndikunena miyezi, mwinanso chaka chathunthu.

Ine funsoli sindinadzifunsepo. Chaka chonse mutu unali pa dissertation (lipoti la kafukufuku wa chaka chomaliza), kuzemba sapu (mayeso obwereza ukalephera) ndi kusonkha za phwando lotsanzikana. Nditachoka m'Chikanda ku Zomba, komwe ndinkakhala ndili pasukulu, ndi chikwama ndi kahotipuleti kanga, ndinakafikira kwa amalume ku Area 25, poti kumudzi kwathu netiweki mpaka ukwere pachulu. Ndinkagona pabalaza. Ndidikire onse amalize kuonera TV ndiye ndiyale, 5 koloko m'mawa ndikhale nditapinda kale. Mwezi woyamba ankandionetsa kwa alendo kuti "uyu ndi uja wa ku yunivesite". Pofika mwezi wachinayi, shuga anasamukira kuchipinda. Azakhali sindiwaimba mlandu, pakhomopo tinalipo asanu ndi atatu pa malipiro a munthu mmodzi. Amati mlendo ndi mame, koma mame ake ine sankakamuka.

Ndiye maganizo anga ndi akuti nkhani ya pogona muikambe panopa, mudakali ndi upkeep, ndalama yodyera pasukulu ija, m'thumba. Aimbireni achibalewo, muwauze miyezi imene mukuganiza kukhala ndi chimene muzithandiza pakhomo, kaya ndi kuphunzitsa ana masamu madzulo, kaya ndi kugulako magetsi. Patulaninso kangachepe ka thiransipoti ndi kosindikizira ma CV. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kungopita m'tauni kukasiya kalata n'kubwerera ndi ndalama yoti ena adyera tsiku lonse.

Za dissertation ndinenepo pang'ono. Mnzanga wina anakachitira kafukufuku wake kwa alimi a soya ku Mchinji, masabata angapo ali m'minda. Ife tinkamuseka kuti wadzisankhira fumbi. Titamaliza, a kopaletivi omwewo anamuitana kuti azikawalembera mabuku, ife tikugawana nyuzipepala imodzi kuyang'ana ntchito. Internship ya boma, yophunzitsa ntchito omaliza ku yunivesite, ija inayamba mu 2018 nayonso lembetsani, musaiderere.

Ndipo amene munatenga ngongole ku Loans Board, kumbukirani kuti mumapatsidwa zaka ziwiri zokha mukamaliza, kenako muyambe kubweza. Zaka ziwiri zimaoneka zambiri ukakhala pa kampasi. Ine zinandithera ndisanagule ngakhale matiresi angaanga.

Gawuni ndinavala ndithu, ku Great Hall, amayi akululutira mpaka mawu kusasa. Chithunzicho amalume anachiika mufelemu n'kuchipachika pabalaza, pamwamba penipeni pa pamene ndinkayala, ndipo ndinagonabe pansi pake miyezi ina isanu.