Lekani kutchula ana athu kuti Romeo ndi Juliet

Loweruka lapitali pa chinkhoswe cha mwana wa mnansi wanga, woyendetsa mwambo, maikolofoni kukamwa, akuti: "Tiwaombere m'manja Romeo ndi Juliet athu!" Amayi nthungululu, ndalama kugwera m'lichero. Ine kukamwa yasa. Bambo ameneyu sewero la Shakespeare analimaliza, kapena anangomva mayina? Mwana wa eni ake mukumufunira manda tsiku la chinkhoswe?

Ambiri munaliwerenga ku sekondale, sindikuphunzitsani ayi. Romeo mukumutamayo, sewero likamayamba akulirira mtsikana wina, Rosaline. Kudzitsekera m'chipinda dzuwa likuswa mtengo, bambo ake kusowa naye chochita. Kuphwando la a Capulet, bambo ake a Juliet, anapitira Rosaline yemweyo. Kungoona Juliet, Rosaline waiwalika. Lamlungu usiku aonana, Lolemba masana akwatirana mobisa, dzuwa lisanalowe mkwati wapha Tybalt, msuweni wa mkazi wake. Lachinayi kusanache onse awiri ndi mitembo. Mtsikanayo n'kuti zaka 14 asanakwanitse. Kuno kwathu, kumene ukwati umayambira zaka 18, umenewo ndi mlandu wa kupolisi.

Wina anena kuti koma agogo, anthuwa ankakondanadi. Ndani wakana? Juliet sananamize munthu, ndipo pa awiriwo wanzeru anali iye, chifukwa usiku woyamba womwewo anadandaula yekha kuti zinthu zikuthamanga ngati mphezi. Nanga chikondi chenichenicho chinamuletsa Romeo kusolola lupanga? Wantchito wake Balthasar atafika ku Mantua, kumene Romeo anathawira atapha Tybalt, ndi uthenga wa maliro a Juliet, chikondicho chinamuuza kuti dekha, yamba wamva kwa wansembe amene anawakwatitsa? Iye liwiro kwa wogulitsa mankhwala wosauka, kumuponyera ndalama, kugula poizoni. Kufika kumanda ku Verona wapezana ndi Paris, mwamuna amene makolo a Juliet ankamukakamiza kuti akwatiwe naye, wamupha. Akanangokhala pansi kanthawi kochepa, mkazi wake akanadzuka ali pambali pake, popeza sanafe ayi, anangomwa mankhwala ogonetsa. Fulumira adadya gaga.

Koma ine amandipsetsa mtima kwambiri ndi akuluakulu a m'seweromu. Wansembe Laurence, pakamwa pomwepo akudzudzula Romeo kuti waiwala msanga Rosaline, pomwepo akuvomera kudalitsa ukwati wopanda makolo, wopanda ankhoswe, eti kuti mabanja awiri odana agwirizane. Zitavuta, akupatsa kamtsikana botolo loti kaoneke ngati kafa kwa maola 42, moyo wa ana awiri n'kuupachika pa kalata imodzi yodziwitsa Romeo, kalatayo n'kutsekeredwa panjira chifukwa cha mliri. Mlezi wa Juliet, mayi wamkulu ndithu, ndiye wonyamula mauthenga ndi makwerero a chingwe oti Romeo akwerere kuchipinda kwa Juliet, mawa lake n'kutembenuka kuti iwalako Romeo, kwatiwa ndi Paris. Nanga a Capulet? Mwana wagwada akulira, iwo akuti ukakana Paris ukafere kumsewu. Udani wawo ndi a Montague, akwawo a Romeo, seweroli mpaka kutha palibe wofotokoza chimene unayambira. Anthu 6 anapita, kuphatikizapo mayi ake a Romeo amene anafa ndi chisoni.

Ndiye lero kamnyamata ka Fomu 2 kalemba pa WhatsApp kuti "popanda iwe ndifa," azakhali n'kuyikapo timitima. Mtsikana wakuuzani kuti mukandiletsa ndidzipweteka, inu mukuseka, kapena mukumukuwira ngati a Capulet kuti tuluka m'nyumba mwanga. Simumva maliro a ana otere m'midzi mwathumu? Alongo ake akulu kumubisira foni, anzake kumuperekeza usiku, onse akudziwa, wokhala naye pansi n'kumumvetsera palibe. Mwanayo akukondadi, n'chifukwa chake mawu akewo si oseka nawo.

Akuluakulu, ndevu zonsezo mukadali kunyamulira ana makwerero? Chitani manyazi.