Ferguson mukamuyese ku Aberdeen, osati ku Manchester

Dzulo kumalo oonerako mpira mkulu wina ananena kuti Alex Ferguson ankangopambana chifukwa cha ndalama za Manchester United. Ndinangoti chete poti anali wamkulu kwa ine, koma pano ndiyankhe.

Achimwene, munthuyu musamuyambire ku Old Trafford, bwalo la Manchester United. Anali wosewera kutsogolo wa zigongono, ndipo mu 1965-66 ali ku Dunfermline anamwetsa zigoli 31 mu ligi. Rangers inamugula mu 1967 pa £65,000, koma pa fainolo ya Scottish Cup ya 1969 Celtic itawakwapula 4-0, mlandu wa chigoli choyamba cha Billy McNeill unagwera Ferguson. Sanaseweretsedwenso mu timu yaikulu. Ngakhale pa ukochi, St Mirren inamuchotsa ntchito mu 1978. Ee, Ferguson yemweyu.

Ndiye anapita ku Aberdeen. Ku Scotland chikho cha ligi chimangozungulira pakati pa Celtic ndi Rangers, matimu a mu Glasgow, ena onse ndi operekeza. Iye anachilanda katatu, mu 1980, 1984 ndi 1985. Kuchokera pamenepo mpaka 2025, zaka 40 zathunthu, palibenso timu ina imene inachigwirako.

Koma chimene chimanditsitsimula ine ndi 1983. Anachotsa Bayern Munich, kenako pa 11 May ku Gothenburg, mvula ikukhuthuka bwalo lili matope okhaokha, anakumana ndi Real Madrid pa fainolo ya Cup Winners' Cup, mpikisano wa ku Ulaya wa matimu otenga zikho m'mayiko awo. Eric Black anagoletsa, Madrid inabweza pa penate, ndipo mu nthawi yowonjezera John Hewitt, amene analowa kuchokera pa benchi, anaumenya ndi mutu. 2-1. Anyamata ambiri anali oleredwa pakalabu pomwepo. Ndalama zake ziti pamenepa?

Patangopita masiku 10 anagonjetsa Rangers 1-0 n'kutenga Scottish Cup. Mmalo movina, bamboyu anaima pa TV n'kukalipira timu yake yomwe, ati kupatula Willie Miller ndi Alex McLeish enawo asewera zochititsa manyazi. Chikho chili m'manja! Anadzapepesa pambuyo pake, ndipo inenso ndimaona kuti apa anaonjeza, koma mtima wosakhutira umenewu ndi umene United inakagula mu November 1986.

Ndipo kumeneko anadikira mpaka 1990 kuti agwire chikho choyamba, ligi mpaka 1993. Masapota a lero, amene mumafuna kochi achoke akagonja katatu, bwenzi mutamuthamangitsa kalekale.