Pulasitiki ya m'mabomba si madzi a mu mkaka

Dzulo pa bawo bambo wina wandikwiyitsa zedi. Anamva kuti m'mabomba ena amasakanizamo pulasitiki, basi nayamba: "Akuba amenewo, ali ngati wogulitsa mkaka wothira madzi." Anthu n'kumavomera ndi mitu. Mpaka pano mtima sunatsike.

Bambo inu, pulasitiki ija ndiyo imasunga moyo wa munthu wonyamula bombalo. Zophulika ngati RDX ndi HMX zimakhala timibulu tonga ta shuga. Timibulu timeneti tikakhulana, kapena bokosi likagwa pa lole, pamatentha kadontho kamodzi kokha, kadonthoko n'kuyatsa zonse. N'chifukwa chake amatikuta ndi pulasitiki kapena labala wofewa, kuti kugunda kuthere mu labalayo, kusafike pa mbulu. Ndi kachigawo kochepa, koma n'kamene kamapangitsa kuti chinthucho chigwirane, chisaphwanyike, chitheke kusemedwa pa makina osapha wosema. Ku Los Alamos, malo ofufuzira zida zankhondo ku America, anayamba zimenezi mu 1952. Mukuganiza kuti anthu aja ankafuna kubera ndani?

Ndikubwerezanso: si madzi a mu mkaka ayi. Ndi chishango.

Pa 29 July 1967 moto unabuka pa sitima yankhondo ya ku America, USS Forrestal, kufupi ndi Vietnam. Pamwamba pake panali mabomba akale, osungidwa moipa. Moto usanathe n'komwe mphindi ziwiri, bomba loyamba linaphulika, n'kupha ozimitsa moto amene anali atangofika ndi mapaipi m'manja. Anthu 134 anafa. Pambuyo pa ngozi zotere asilikali apamadzi a ku America anayamba kulimbikira zida zoti zikapsa zizingoyaka, osaphulika. Ndiye munthu n'kukhala pa benchi, njere za bawo zili m'manja, n'kumati ndi kuba!

Safunsa anadya phula.

Inde pulasitikiyo imakalamba. Kutentha ndi chinyezi zimaiumitsa, imang'aluka, ndipo m'ming'alu ndi momwe moto umathamangira. Zimenezo ndiye zofunika kudandaula nazo, osati zakuba zanuzo.

Komanso ndi anthu omwewa amene amati tsiku lothera ntchito lolembedwa pa paketi ndi bodza la ogulitsa. Mankhwala a mwana atatha chaka chatha, iwo akumwetsabe, ati botolo silinatsegulidwe. Ukawauza, akuti ukudzimva sukulu.