Musanamizire masapota a Oakland

Aaa inu alembi, mwalemba kuti Athletics, timu ya masewera a baseball ya ku America, inachoka mumzinda wa Oakland chifukwa masapota samabwera ku stediyamu, koma apa mwalakwitsa ndithu. Timu imeneyi inakhala ku Oakland kuyambira 1968, inatenga chikho chachikulu cha baseball cha World Series mu 1972, 1973, 1974 komanso 1989, ndipo anthu ake ndi omwewa ankaimba ng'oma ku stediyamu yawo ya Coliseum kuja ngakhale zinthu zitavuta. Kenako mu 2022 timuyi, pansi pa mwini wake John Fisher, inataya osewera odalirika, Matt Olson kupita ku Atlanta, Matt Chapman ku Toronto, matikiti nkukwezanso mtengo, ndiye mumafuna munthu azilipira ndalama zambiri kukaonera timu yongoluza? Pa 13 June 2023 masapota anabwera mwadala oposa 27,000 atavala matisheti obiriwira olembedwa SELL, kumuuza mwini wakeyo kuti agulitse timu kwa ena, koma sanamve olo pang'ono. Kuchoka apo, mu 2025 timuyi inapita kukasewera pa kabwalo kakang'ono ku Sacramento uku ikudikira kusamukira ku Las Vegas. Ineyo zimandiwawa kwambiri, makamaka ndikaganiza azigogo amene anakula ndi timu imeneyi komanso anthu ogulitsa zakudya pa Coliseum paja amene ganyu yawo inathera pompo.