Ku Nairobi amakutsitsa m'galimoto, ku Joni umangolowa ngati mu shopu

Amene anakwerapo ndege pa Jomo Kenyatta ku Nairobi akudziwa kuti chipikisheni cha kumeneko chimayambira pamsewu. Usanalione n'komwe bwalo la ndege, galimoto imaima pageti, nonse okwera n'kutsika kukadutsa pa makina wapansi, dalaivala n'kudutsa yekha ndi galimotoyo kukakudikirani kutsogolo. Pakhomo la nyumba yokwerera ndege, zikwama pa makina. Ukadinditsa pasipoti, pa makina kachitatu. Pofika pampando wa m'ndege lamba amakhala wavulidwa mpaka kuiwala kuti thalauza limaima bwanji.

Ku O.R. Tambo ku Joni n'zosiyana. Wina aliyense amalowa, operekeza amakhala nawe m'malo odyera mpaka nthawi itakwana, ndipo kusechedwa kwenikweni kumachitika kamodzi, ukapereka kale katundu. Chimene chimagwira maso kumeneko ndi mzere wa anthu okulungitsa masutikesi awo m'pulasitiki. Mantha a wapaulendo wa ku Joni ali pa foni yatsopano ndi mafuta onunkhira amene ali m'chikwama, osati pa bomba.

Poyamba ndinkaona ngati Akenya amanyanya. Ndinasiya kuwadandaula nditakumbukira zimene anadutsamo. Mu 1998 mabomba anaphulika pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam tsiku limodzi, ndipo anthu oposa 200 anafa, ambiri mwa iwo Akenya wamba. Mu 2002 zigawenga zinawombera mizinga ndege ya ku Israel imene inkanyamuka ku Mombasa, mwamwayi zinaphonya. Kenako zigawenga zinapha anthu pa masitolo a Westgate mu 2013, pa yunivesite ya Garissa mu 2015, pa hotela ya DusitD2 mu 2019. Dziko limene laika maliro ochuluka chonchi silingamvere munthu wodandaula kuti wamutsitsa m'galimoto kunja kukuwaza. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo iwo anachimva m'thupi. Ku Dar es Salaam nakonso chikwama chimadutsa pa makina pakhomo penipeni, mwina chifukwa cha bala lomwelo la 1998.

Malamulo ambiri amene timavutika nawo tonse, kaya pa Kamuzu, pa Chileka kapena pa Kenneth Kaunda ku Lusaka, sanabadwire kuno. Kuvula nsapato kunabwera chifukwa cha Richard Reid, amene mu December 2001 anayesa kuyatsa bomba lobisa mu nsapato pa ndege yochokera ku Paris kupita ku Miami. Malire a mamililita 100 pa zamadzimadzi anayamba mu 2006, apolisi a ku Britain atagwira anthu ofuna kuphulitsa ndege ndi mabomba obisa m'mabotolo a zakumwa. Makina oona thupi lonse anafala Umar Farouk Abdulmutallab atabisa bomba mu kabudula wamkati pa Khirisimasi ya 2009. Lamulo lililonse lili ndi mwini wake. Chodabwitsa n'chakuti eni ake a lamulo la nsapato, Amereka, analisiya mu July 2025, koma m'mabwalo ena a ndege kuno ku Africa tikuyendabe ndi masokosi obooka pa simenti yozizira.

Makinawo ine ndilibe nawo mlandu. Sanena miseche, saseka, sakudziwa kwanu. Amene amandivuta ndi manja ndi pakamwa pa munthu.

Tsiku lina pa bwalo lina la ndege, kutsogolo kwanga kunali mayi wachikulire wopita kukaona mwana wake kunja, ulendo wake woyamba. Makina anaona kanthu m'chikwama chake. Mnyamata wachitetezo anachitsegula pa tebulo pamaso pa mzere wonse: zitenje, paketi ya usipa, zovala zamkati, zonse poyera. Kenako anatulutsa kabotolo ka mankhwala, n'kukakweza m'mwamba, n'kuwerenga dzina lake mokweza, n'kufunsa kuti, "Amayi, mumadwala chiyani?" Mayiwo anangoyang'ana pansi. Ife tonse tinayamba kufunafuna poika maso. Chimene makina anaona, titamva pambuyo pake, kanali kampeni kosendera mbatata kamene anaiwala m'kathumba ka m'mbali. Kampeniko anali ndi chifukwa chokalanda. Matenda a mayiwo sanali nkhani ya ndegeyo ngakhale pang'ono, ndipo kachipinda kapambali kosechera anthu kanalipo, chitseko chili pululu.

Apa ndi pamene kuchuluka kwa chipikisheni ndi ubwino wake zimasiyana. Ku Nairobi ndinasechedwa katatu koma palibe anandichititsa manyazi; wamkazi amapapasa wamkazi, mwachangu, nkhani yatha. Pamene paja panali kusecha kumodzi kokha, koma mayi uja anakwera ndege ngati wavulidwa pamsika.

Chinanso chimene chimandikayikitsa n'chakuti mphamvu zonse zimathera pa ife olowera khomo la kutsogolo. Mu February 2016 bomba linaboola ndege ya Daallo Airlines itangonyamuka ku Mogadishu kupita ku Djibouti. Linali mu laputopu, ndipo makamera anaonetsa kuti wophulitsayo analandira laputopuyo kwa anthu ogwira ntchito pabwalo pomwepo. Anafa yekha, atatulukira pabowolo, ndege n'kutera bwinobwino. Mu March 2017 ku O.R. Tambo achifwamba ovala ngati apolisi analowa mbali ya katundu n'kutuluka ndi ndalama zankhaninkhani. Achifwambawa palibe amene anavula lamba pamzere.

Ndiye mukandifunsa kuti ndisankhe, ndisankha kutsika m'galimoto ku Nairobi, ngakhale mvula ikugwa, bola amene akundisechayo nayenso anasechedwa polowa ntchito m'mawa, ndipo akafuna kutsegula chikwama cha mayi anga awatengere kuseri kwa katani.