Chenjezo: foni ikalira za mkuntho wa chipale chofewa, siyani makiyi a galimoto

Ana inu, khalidwe ili likundipweteka mtima. Foni yalira, a zanyengo achenjeza kuti mkuntho wa chipale chofewa wayandikira, inu kungosuzumira pawindo kuona kunja kuli bwinobwino basi mwatola makiyi, eti ndingofika pompa apa ndibwera pompano. Maso anuwo aposa makina?

Uthenga umenewo sachita kulota ayi. M'phula momwemo amakwiriramo tizipangizo toyeza kuzizira kwa msewu, palinso makamera ndi radar yoona mtambo ukadali kutali, ndiye zikwangwani zamagetsi za m'mbali mwa msewu zija zikalemba kuti chepetsani liwiro dziwani kuti kutsogoloko kwaipa kale. Pamlatho ndi pomwe pamayamba kuundana chifukwa mphepo yozizira imadutsa pansi ndi pamwamba pomwe, ndipo madzi oundanawo saoneka, phula limangokhala ngati lanyowa, mukaponda buleki galimoto imangopita yokha inu mutagwira chiwongolero. Mchere amathira pamsewu kuti usungunule chipale uja musaudalire, kukazizira kupyola madigiri -10 Celsius mphamvu zake zimachepa kwambiri. Ndipo inu onyadira galimoto yokoka matayala onse anayi, poima imaterereka chimodzimodzi ndi zinazo.

Taonani zomwe zinachitika ku America: mumzinda wa Atlanta mu Januwale 2014 chipale chake chinali chochepa, masentimita ngati 5 okha, koma anthu anatuluka onse nthawi imodzi misewu n'kutsekeka, ena anagona m'galimoto, ana mpaka kugona kusukulu makolo akulephera kukawatenga. Ku Virginia mu Januwale 2022 pa msewu wa I-95, seneta (phungu wa nyumba ya malamulo) Tim Kaine anatha maola 27 ali pamsewu. Ku Buffalo mu Disembala 2022 anthu oposa 40 anamwalira, ena anawapeza m'magalimoto mwawo.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'choti galimoto yanu ikatitimira pakati pa msewu simuvutika nokha, ambulansi imasowa podutsa, chigalimoto chokankha chipale nacho chimaima, wodwala kwinaku akudikira.

Ngati mkuntho wakupezani muli kale panjira, musatuluke n'kuyamba kuyenda wapansi kunja kusakuoneka. Musanalize injini kuti muothe, kafukuleni kaye chipale kupaipi ya ekizozi, apo ayi mpweya wapoizoni wa carbon monoxide umabwerera m'kati, sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo basi osadzukanso. Injiniyo muzilizira mphindi 10 pa ola, windo mutatsekula pang'ono.