Musanaitanitse kompyuta ya magemu ya m'manja, kumbukirani dzuwa la ku Salima

Sabata yatha mnyamata wina amene timachezera limodzi pa Kamuzu Road anandionetsa uthenga wa achimwene ake amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Akufuna kumutumizira kompyuta yosewerera magemu, zija zogwira m'manja ngati foni yaikulu, ndiye amuuza kuti asankhe yekha. Funso lake kwa ine linali limodzi basi: ya ma GB ambiri ndi iti? Ndinamuyankha kuti ayambe wafunsa kuti ndi iti imene ingapirire Okutobala wa kuno kunyanja. Sanandimvetse msanga, ndipo ndikudziwa kuti si iye yekha, n'chifukwa chake ndati ndilembe pano.

Ludzu la ma GB ndimalimvetsa. Gemu ya Red Dead Redemption 2 imafuna malo okwana 150GB, gemu ya mpira ya EA Sports FC 24 ya pa kompyuta imafuna 100GB. Munthu wa ku London malo akamuthera amangofufuta gemu imodzi, mawa n'kuikokanso pa intaneti. Ife kukoka 100GB ndi bandulo ya pa foni ndi nkhani yokambirana kaye ndi thumba, ndipo umagona mtima uli m'mwamba kuopa kuti netiweki idukiza kapena magetsi athima zinthu zili pakati. Gemu ikangolowa suifunanso kuifufuta. Choncho amene akufuna malo aakulu sakulakwa ayi.

Vuto ndi loti makompyuta amenewa ndi kabokosi kamodzi kakang'ono, ndipo m'menemo mwapanikizana purosesa, batire, SSD yosungira magemu, polowetsa memori khadi, zida zolandirira magetsi a chaja, ndi fani. Chilichonse chodya magetsi chimatulutsa kutentha, ndipo zonsezi zili phewa ndi phewa ngati anthu m'minibasi ya ku Lilongwe. Mmodzi akatentha, mnzake wapafupi amatentha naye. Fani nayo sipanga mphepo yozizira monga ambiri amaganizira. Imangokoka mpweya umene uli m'chipindamo, kuudutsitsa pa zitsulo zotentha, n'kuutulutsa. Ngati mpweya wa m'chipindamo ndi wotentha kale, ntchito yake imachepa mphamvu ngakhale izungulire mpaka kulira.

Apa ndi pamene kwathu kuno kumalowera m'nkhaniyi. Kampani ya Valve, imene inatulutsa Steam Deck mu 2022, inanena poyera kuti kompyutayi imayenda bwino pamalo amene kutentha kwake kuli pakati pa madigiri 0 ndi 35. Inanenanso kuti purosesa yake ikafika madigiri 100 imayamba kudzichepetsa liwiro kuti isapse, ndipo ikafika 105 imadzizimitsa. Tsopano inu amene mumakhala ku Salima, Chipoka kapena Nkhotakota, ganizirani masana a Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Madigiri 35 aja timawadutsa tili pakhonde. Kutanthauza kuti malire amene opanga anaika ngati mapeto, kwa ife ndi tsiku wamba la chilimwe. Gemu imene pa YouTube mwaiona ikuyenda myaa, kuno ingayambe kudodoma patangotha mphindi zochepa, osati chifukwa kompyutayo ndi yoipa, koma chifukwa ikudziteteza.

Ndiye tione mmene malo osungira amalimbirana ndi kutentha. Steam Deck imagwiritsa ntchito SSD yaing'ono yotchedwa 2230, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 30 m'litali. Itangotuluka, anthu ena anayamba kulowetsamo yotalikirapo ya 2242 pofuna malo ambiri pa mtengo wotsika. Inkalowa ndithu. Koma Lawrence Yang, mmodzi mwa amene anakonza kompyutayi ku Valve, anachenjeza mu 2022 kuti anthu asamachite zimenezo, chifukwa kachida koyendetsa magetsi a chaja kamatentha kwambiri, ndipo timapadi totengera kutentha tili pamenepo sitiyenera kusunthidwa. Anatinso ma SSD ambiri a 2242 amadya magetsi ochuluka ndi kutentha kuposa mmene kompyutayo inakonzedwera. Wapeza ma GB, wafupikitsa moyo wa chipangizo chonse. Walira mvula walira matope.

Nkhani ya ROG Ally ya ASUS, imene inatuluka mu 2023, ndi imene imandiphunzitsa kwambiri. Ndi kompyuta yamphamvu, purosesa yake ndi Ryzen Z1 Extreme, ndipo pa chaja imafika mawati 30, pamene Steam Deck imalekeza pa 15. Koma polowetsa memori khadi anapaika pafupi ndi mabowo otulukira mpweya wotentha. Anthu anayamba kudandaula, ndipo chaka chomwecho kampaniyo inavomereza kuti kutentha kukakula chowerengera memori khadi chikhoza kusokonekera. Njira yoyamba imene inabweretsa inali kuwonjezera liwiro la mafani, zimene zikutanthauza phokoso lochuluka. Mu 2024 inatulutsa ROG Ally X, momwe inasuntha polowetsa memori khadi paja, inaika malo a SSD yaitali ya 2280 imene imapezeka mosavuta m'malaputopu, ndipo kukula kwa batire kunawirikiza kawiri, kuchoka pa 40Wh kufika pa 80Wh. Zonsezi zinafuna malo, choncho kulemera kunakwera kuchoka pa magalamu 608 kufika pa 678, ndipo mtengo nawo unakwera. Ine ndimaona kuti uku kunali kusintha kolondola, ndipo kukusonyeza kuti ngakhale akatswiri sangapeze zonse nthawi imodzi m'kabokosi kameneka. Penapake pamayenera kuluza.

Maganizo anga ndi oti kuno tiziika kuzizira patsogolo, malo osungira tiziwapezera njira kunja kwa kompyuta. Yanga ndi Steam Deck ya 256GB imene ndinagula kwa munthu wina ataigwiritsapo kale ntchito. Mkati mwake ndimasungamo magemu awiri kapena atatu amene ndikusewera mwezi umenewo. Ena onse ali pa hadi disiki yakunja imene imakhala m'kabati. Ndikapita ku Lilongwe kwa msuweni wanga amene ali ndi Wi-Fi yabwino, ndimakoka zimene ndikufuna n'kuzisunga pamenepo, ndipo ndikafuna kusintha gemu ndimangokopera, bandulo osaikhudza. Magemu aang'ono ndi akale ndimawaika pa memori khadi. Iyo liwiro lake limalekeza cha pa 100MB pa sekondi, pamene SSD ya mkati imafika masauzande, koma kwa gemu yaing'ono kusiyana kwake ndi kudikira pang'ono poyamba basi.

Pa memori khadi pomwepa ndikuchenjezeni, abale anga. Ndinagulapo ina pamsika yolembedwa 512GB pa mtengo wosangalatsa. Kompyuta inkaonetsadi 512GB, koma nditadutsa pang'ono poikamo zinthu, zoyamba zija zinayamba kuwonongeka. Inali yachinyengo, ndipo magemu amene ndinakoka ndi ndalama zanga anapita. Zinandipweteka kwambiri. Mukagula, idzazeni kaye ndi mafayilo n'kuona ngati onse akutseguka musanaikhulupirire.

Kumbali ya kutentha, chimene chandithandiza kwambiri ndi kutsitsa mawati. Pa Steam Deck pali poikira malire a mphamvu ya purosesa ndi a kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi. Ndikaika mawati 10 ndi zithunzi 30 kapena 40, magemu ambiri amayenda mokhazikika, fani imakhala chete, batire limakhalitsa, zimene ndi zofunika tsiku limene magetsi athima kuyambira m'mawa. Pa sikirini ya mainchi 7 kusiyana kwa kukongola sikuoneka kwenikweni. M'chilimwe ndimasewera madzulo kapena m'mamawa, ndipo sindisewera ili pa chaja masana, chifukwa batire likamalandira magetsi nalo limatentha. Musaigoneke pa matiresi kapena pa pilo, poti mpweya umalowera kumbuyo n'kutulukira pamwamba, ndipo mukatseka kumbuyoko mwaitsamwitsa. Fumbi la nyengo ya mwera nalo limadzaza timabowo tija pang'onopang'ono, choncho kaburashi kofewa kamwezi ndi mwezi n'kofunika. Amene mumakonda kupita nayo ku Senga Bay, musaisiye m'galimoto yotseka kapena padzuwa pamchenga.

Mnyamata uja pomaliza anandiuza kuti chimene akufuna kwenikweni ndi mpira. Pamenepo ndinayenera kumuuza zoona: EA Sports FC 24 siyenda pa SteamOS, pulogalamu imene imayendetsa Steam Deck, chifukwa cha pulogalamu ya gemuyo yoletsa kubera, imafuna Windows. Ndiye ndinamulangiza kuti awauze achimwene akewo kuti ngati thumba lilola amugulire ROG Ally X, ndipo ngati silola, ROG Ally yoyamba ija ya 512GB ndi yokwanira, bola aziiyendetsa pa mawati 15 m'miyezi yotentha ndipo asadalire memori khadi. Ndalama imene akanawonjezera pofuna 2TB mkati, agulire hadi disiki yakunja ndi chaja yeniyeni ya kompyutayo. Uthengawo anautumiza tili pomwepo, ndipo achimwene ake akuti abwera nayo mu Disembala.